Pangano la CEDAW ndi malamulo a dziko la Malawi

CEDAW ndi pangano la bungwe la United Nations lofuna kuthetsa tsankho la mtundu uliwonse kwa amayi. Lidavomerezedwa m'chaka cha 1979 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1981.

Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 1987, koma mokayikira. Boma lidati miyambo ina idazika mizu kwambiri, choncho silitsatira kaye ndime zolamula kuti miyamboyo ithetsedwe msanga. Mu 1991 lidabweza mawu amenewa.

Kulowa m'pangano sikutanthauza kuti mayi wolandidwa munda kapena wozunzidwa kuntchito wapeza chilungamo. Komiti ya akatswiri 23 yomwe imakumana ku Geneva imaunika malipoti a maiko ndi kupereka malangizo, koma ilibe mphamvu yolanga boma. Mphamvu yeniyeni ili m'malamulo a dziko.

Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limateteza amayi ku tsankho, pomwe gawo 11 limati makhoti, potanthauzira malamulowa, aziganizirako malamulo a pakati pa maiko. Nyumba ya Malamulo idatenga mfundo zambiri za CEDAW n'kuziika mu Gender Equality Act ya 2013. Lamuloli limaletsa miyambo yovulaza ndi nkhanza zokhudza kugonana, ndipo limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Mu 2017 aphungu adasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18.