Mbumba yochokera ku Namuli pagombe la Chilwa

Akuluakulu a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji akamayala mbiri ya midzi ya Alomwe kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, sayambira pa mfumu ayi. Amayambira pa mayi: gogo amene anadutsa malire kuchokera ku Mozambique, mtolo pamutu, mwana kumsana, mlongo wake ali patsogolo ndi nkhwangwa. Mukawafunsa kwawo kwenikweni, amatchula phiri la Namuli. Ufumu m'midzi imeneyi umatsata kuchikazi. Wolowa dzina ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo omuloza ndi amayi a mbumba.

Alomwe anapeza dzikoli lili ndi eni ake. Pamene David Livingstone ankafika panyanjayi pa 18 Epulo 1859, kuno kunali kwa Anyanja. Sipanapite zaka zambiri, Ayao analowa ndi mfuti ndi malonda a akapolo, Anyanja ambiri n'kuthawira pachilumba cha Chisi, kwa Mkumbira lero. Kawinga, mfumu ya Chiyao, anakhazikika paphiri la Chikala mpaka asilikali a boma la Britain anamugonjetsa mu 1895.

Alomwe anayamba kufika mwaunyinji m'zaka zomwezo, ndipo ulendo sunaduke mpaka cha m'ma 1930. Ankathawa njala, msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Mlendo anali ndi njira ziwiri: kukalowa thangata m'minda ya azungu, monga kwa A. L. Bruce ku Magomero, kapena kukagwada kwa mfumu ya Chinyanja kapena ya Chiyao kupempha pokhala. Wopatsidwa malo ankaswa mphanje, n'kubzala chinangwa, nandolo ndi kalongonda, nyemba zija zofunika kuphika tsiku lonse uku ukutaya madzi, apo ayi zimaledzeretsa. Abale akamva kuti kuli malo, ankatsatira. Mudzi ukakula, mwini mbumba ankakhala nyakwawa, koma pansi pa mfumu ya mtundu wina.

Chimene chimawawa akuluakuluwa n'chilankhulo. Makolo awo ankatchedwa Anguru, dzina lachipongwe, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society mu 1943 n'kukakamiza boma kuti lilisiye. Koma manyazi anali atalowa kale m'nyumba. Mayi ankalankhula Chilomwe, kaya Chimihavani kapena Chikokhola, ndi amuna ake, ana n'kumawayankhula Chinyanja kuti asakasekedwe kudambwe. Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, sukulu ndi wailesi zinamaliza ntchitoyo. Kalembera wa 1998 anapeza kuti olankhula Chilomwe pakhomo sankafika atatu pa anthu 100 alionse, chonsecho wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 pa 100 alionse m'Malawi.

Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008, labwezeretsa ulemu, ndipo UNESCO inavomereza gule wawo wa tchopa mu 2014. Zimenezi n'zabwino, komabe tsiku limodzi la chikondwerero cha bungweli kwa Chonde silingaphunzitse mwana wa ku Kachulu kulankhula ndi agogo ake.

Mbiriyi si yongocheza pamoto. Nyakwawa ikamwalira, mabanja awiri n'kulimbirana dzina, mlandu umapita kubwalo la mfumu yaikulu. Kumeneko amafunsa kuti anabwera ndi mbumba ndani, anapereka malo ndani, ndipo wofuna ufumuyo anatuluka m'bere liti. Otha kuyankha bwino mafunso amenewa ambiri ndi amayi okalamba, omwenso ndi amene atsala ndi Chilomwe pakamwa.