Pulasitiki Asanazizire: Mawu a Luso la Cholembera cha 3D

Mu February 2013, kakampani kena ka ku Boston m'dziko la America, dzina lake WobbleWorks, kanapempha anthu kudzera pa Kickstarter kuti asonkhe madola 30,000 oti kapangire chida chachilendo. Anthu anasonkha ndalama zoposa madola 2 miliyoni. Chidacho chinali 3Doodler, cholembera chonenepa chomwe m'malo mwa inki chimalavula pulasitiki wosungunuka. Amene anachitulukira, a Peter Dilworth ndi a Maxwell Bogue, amati nzeruyi inawabwerera tsiku lina makina awo a 3D printer atasiya mpata pa chinthu chomwe anachidikirira nthawi yaitali. M'malo moyambiranso, anadzifunsa ngati sikungatheke kungozula mutu wa makinawo, kuugwira m'manja, n'kutseka mpatawo.

N'chifukwa chake mawu ambiri a luso ili ndi obwereka kwa makina osindikiza. Chosangalatsa n'chakuti makinawo nawonso anabadwa kuchokera ku chida cha m'manja. Mu 1988, a Scott Crump ankapangira mwana wawo wamkazi kachidole ka chule pogwiritsa ntchito chida chofinyira guluu wotentha, ndipo anaona kuti ntchito yoyala mzere pamwamba pa mzere ikhoza kupatsidwa kwa makina. Iwo ndi mkazi wawo Lisa anayambitsa kampani ya Stratasys, ndipo njirayi anaitcha Fused Deposition Modeling, mwachidule FDM. Dzinali ndi chizindikiro cha malonda cha kampaniyo, choncho anthu a gulu la RepRap, lomwe a Adrian Bowyer anayambitsa ku yunivesite ya Bath ku England mu 2005, anasankha kumati Fused Filament Fabrication, kapena FFF. Mayina awiri, ntchito imodzi: kusungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala mpaka chinthu chitaoneka. Chiphaso choteteza luso la a Crump chitatha mphamvu mu 2009, makina otere anatsika mtengo kwambiri, ndipo patangopita zaka zinayi cholembera chija chinatulukira.

Zilembo za 3D zimanena za miyeso itatu: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Akatswiri amaitchula X, Y ndi Z, ndipo Z ndiye wokwera m'mwamba, amene pepala ndi pensulo sizingamufike. Pa makina, kompyuta imaduladula chithunzi cha chinthucho m'magawo opyapyala otchedwa layers, n'kumauza mota zake poti zipite. Pa cholembera palibe kompyuta, palibe fayilo. Chomwe chatsala ndi mutu wotentha ndi kamota kokankha ulusi basi, ndipo ntchito ya mota zija yagwera dzanja la munthu. Munthu akamvetsa zimenezi sadabwanso chifukwa chake zopangidwa ndi cholembera zimaoneka zamizeremizere, zosasalala, ngati zolukidwa. Si kulephera ayi. Dzanja silingabwereze mzere womwewo kambirimbiri popanda kuphonya.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene pafupifupi mawu onse a luso ili amachizungulira, ndicho kanthawi kochepa pamene pulasitiki watuluka koma sanaume. Ndi masekondi owerengeka. M'kanthawi kameneka pulasitiki amamata, amapindika, amakokeka. Kakangodutsa, wauma ndipo sakumveranso. Mawu onena za kutentha, liwiro, mtundu wa ulusi, ngakhale mayina a mavuto, onse ndi njira zotalikitsira, kufupikitsa kapena kugwiritsa ntchito kanthawi kameneka.

Ulusi womwe umalowa kumbuyo kwa cholembera amautcha filament. Umagulitsidwa wokulungidwa pa mkombero kapena wodulidwa timitengo towongoka. Kunenepa kwake n'kofunika kuposa mmene wongoyamba kumene angaganizire: zolembera zambiri zimadya ulusi wa mamilimita 1.75, pamene 3Doodler yoyamba inkadya timitengo ta mamilimita 3. Ukaika woonda m'cholembera chofuna wonenepa, timagiya tam'kati sitiugwira. Timagiyati, toyendetsedwa ndi kamota kakang'ono, ndi timene timakankhira ulusi kumalo otentha, ndipo ukafewa umatulukira pa kabowo ka kunsonga kotchedwa nozzle. Kukankha pulasitiki wofewa kuti adutse pa kabowo n'kumene amati extrusion. Kabowo ka zolembera zambiri n'kosakwana milimita imodzi, ndipo zina zimalola kusintha nsonga kuti mzere utuluke wonenepa kapena wophwatalala.

Pa nkhani ya liwiro anthu ambiri amasokonezeka, poti maliwiro alipo awiri. Loyamba ndi la kamota, lomwe umasintha ndi batani. Lachiwiri ndi la dzanja lako, lomwe lilibe batani. Dzanja likathamanga kuposa kamota, mzere umaonda mpaka kuduka. Likachedwa, pulasitiki amaunjikana n'kupanga chotupa. Mzere wabwino umatuluka awiriwa akamayenda limodzi, ndipo palibe buku lomwe lingaphunzitse zimenezi kuposa kuwononga ulusi pang'ono poyeserera.

Mitundu ya ulusi ndiyo ili ndi nkhani yambiri. Wotchuka kwambiri ndi PLA, amene amapangidwa kuchokera ku sitachi wa chimanga kapena shuga wa nzimbe. Amatuluka bwino pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 180 mpaka 220, fungo lake ndi lotsekemera pang'ono, amamata bwino papepala ndi pagalasi, ndipo akamazizira sakhwinyata kwambiri. Koma amachedwerako kuuma, ndipo akauma amathyoka msanga m'malo mopindika. Mnzake ndi ABS, pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, yemweyo amene amapangira zidina za Lego. Iyeyu amafuna kutentha kokulirapo, madigiri oyandikira 230, amauma mofulumira ndipo ndi wopirira. Ndiye amene amagwirizana ndi wofuna kukweza mzere m'mwamba. Choipa chake ndi fungo lobaya m'mphuno ndi kukhwinyata komwe kumapinditsa chinthu m'mbali. Wachitatu ndi PCL, amene amasungunuka pa madigiri 60 okha. Mapulasitiki ofewa msanga otere ndiwo amagwiritsidwa ntchito m'zolembera za ana, poti nsonga yake siwotcha chala monga imachitira ya madigiri 200. Kanthawi kake ka kufewa n'kotalika, moti mwana amatha kuumba ndi zala chomwe wangojambula kumene.

Pali liwu limodzi la sayansi lomwe ndimaona kuti aliyense wogwira cholembera ayenera kulidziwa, ngakhale ogulitsa salitchula kawirikawiri: glass transition. Uku ndi kutentha komwe pulasitiki amasiyira kulimba n'kuyamba kulobodoka, asanafike posungunuka. Kwa PLA ndi madigiri pafupifupi 60, kwa ABS pafupifupi 105. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu cha PLA chosiyidwa m'galimoto yotseka magalasi padzuwa la mu October chikhoza kupindika chokha, ngakhale kuti chinafuna madigiri 200 kuti chipangidwe. Koma chomwechonso ndi mwayi kwa mmisiri. Ukajambula tsamba lathyathyathya, n'kuliviika m'madzi otentha kapena kuliuzira mpweya wa chowumitsira tsitsi, limafewa mokwanira kuti ulipinde mmene ukufunira, kenako limaumira pomwepo.

Otsatsa malonda amakonda kunena za kujambula m'malere, ndipo mavidiyo awo amaonetsa dzanja likukweza mzere kuchoka patebulo ngati matsenga. Zimatheka ndithu. Umayamba ndi kadontho konenepa pansi kuti mzere ugwire, kamene amakatcha anchor, kenako umakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kusiya batani, n'kudikira osagwedezeka mpaka mzerewo utauma. Ukachotsa dzanja msanga umagwa. Mzere wodutsa pakati pa nsanamira ziwiri popanda chougwirizira pansi amati bridging, ndipo mdani wake ndi kulemera kwa pulasitiki yemweyo, amene amalendewera akadali wofewa. Koma kunena zoona, zinthu zambiri zooneka bwino sizipangidwa chonchi. Zimapangidwa chathyathyathya patebulo. Mmisiri amaika pepala lokhala ndi chojambula, lotchedwa stencil kapena template, n'kutsatira mizere yake. Chidutswa chikauma amachimatula, n'kupanga china, ndipo pomaliza amalumikiza zidutswazo pothira pulasitiki wotentha m'malire mwake. Kulumikizaku amakutcha welding, ndipo ndi kuwotcherera kwenikweni, pakuti pulasitiki watsopanoyo amasungunula pang'ono wakale uja ndipo awiriwo amakhala chimodzi. Nyumba ya makoma anayi ndi denga ndi zidutswa zathyathyathya zowotchereredwa m'ngodya. Chozungulira, monga mpira, amachijambula pamwamba pa chikombole, theka ndi theka, kenako n'kulumikiza.

Yemwe anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana sangavutike kumvetsa kaganizidwe kameneka. Sumayamba ndi thupi lonse la galimoto, umayamba ndi mizere ya m'mphepete, mbali imodzi, kenako inzake, n'kuzimanga pamodzi, ndipo diso limadzaza lokha malo opanda kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti waya ulipo kale ndipo umangoupinda, pamene apa mzere ukubadwa nthawi yomweyo imene ukuupinda. Mu 2016 kampani ya Nissan inapempha mmisiri wa ku Britain, Grace Du Prez, ndi gulu lake kuti apange chifanizo cha galimoto ya Qashqai cha msinkhu weniweni pogwiritsa ntchito zolembera za 3Doodler. Ntchitoyo inadya maola pafupifupi 800 ndi ulusi wotalika makilomita oposa 13. Manambalawa akunena zambiri za chidachi: n'chochedwa. Kudzaza malo apakati pa mizere, komwe amati infill, ndiko kumatha nthawi ndi ulusi, dzanja likupita uku ndi uku mpaka mpata wonse utatsekeka.

Mavuto nawo ali ndi mayina awo. Clog ndi kutsekeka kwa nsonga, ndipo kawirikawiri kumabwera munthu akazimitsa cholembera ulusi udakali m'kati, kapena akalowetsa PLA pambuyo pa ABS popanda kutulutsa zotsalira. Zotsalira za ABS sizisungunuka bwino pa kutentha kwa PLA, ndiye zimakhala pakhomo n'kutsekereza. Oozing ndi kudontha kwa pulasitiki batani utalisiya kale, ndipo stringing ndi timaulusi tosafunika tomwe timatsatira nsonga ukamachoka pamalo ena kupita pena. Zolembera zina zimabweza ulusi m'mbuyo pang'ono ukangosiya batani pofuna kuchepetsa zimenezi, ndipo kubwezako ndi retraction. Vuto lina lomwe limasautsa m'nyengo ya dzinja ndi chinyontho. Ulusi umayamwa madzi a mumpweya, ndipo akafika pa nsonga yotentha madziwo amasanduka nthunzi. Umamva kuthetheka, mzere umatuluka wa timabowo, ndipo PLA wokhalitsa panja amangothyokathyoka. Mankhwala ake ndi osavuta: kusunga ulusi m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tomwe timabwera m'makatoni a nsapato ndi mankhwala.

Anthu ambiri amagula cholembera akuyembekezera kuti azikonzera zinthu zosweka pakhomo, ndipo apa pamafunika kuchenjera. Pulasitiki amawotcherereka bwino ndi wa mtundu wake. ABS amagwira pa ABS, ndiye chikuto cha rimoti kapena chidole chopangidwa ndi ABS chikhoza kukonzeka. Koma ndowa, mabeseni ndi mipando yambiri ndi ya polypropylene kapena polyethylene, ndipo PLA ndi ABS sagwira bwino pamenepo. Chigambacho chimaoneka ngati chamata, koma chimamatuka ukangochikanda ndi chikhadabo.

Liwu lomwe ndimalikayikira kwambiri pa mapaketi a ulusi ndi lakuti biodegradable, lomwe amalemba pa PLA kutanthauza kuti amawola. N'zoona kuti anachokera ku zomera, koma kuti awole m'nthawi yoyenera amafuna malo apadera opangira manyowa, otentha pafupifupi madigiri 60 ndiponso achinyontho chambiri. Kudzala la kuseri kwa nyumba kapena m'ngalande akhoza kukhala zaka osasintha kwenikweni. Za utsi nazonso si zongoopseza. Pulasitiki wotenthedwa amatulutsa tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ABS kuposa PLA, ndipo wogwira cholembera nkhope yake imakhala pafupi kwambiri ndi nsonga kusiyana ndi woyang'anira makina. Mawindo azikhala otsekula.

Palinso banja lina la zolembera lomwe silitenthetsa kanthu. CreoPop ya ku Singapore ndi chitsanzo chake. M'malo mwa ulusi mumakhala madzi okhathamira otchedwa photopolymer, ndipo pansonga pali timagetsi towalitsa kuwala kwa UV. Kuwalako kukagunda madziwo, tizigawo take timalumikizana ndipo amalimba. Nzeruyi ndi yofanana ndi ya stereolithography, njira yomwe a Chuck Hull anatulukira m'zaka za m'ma 1980. Apa sanena za kusungunuka ndi kuzizira, amati curing, ndipo kusiyanaku si kwa mawu okha. Pulasitiki wa ulusi ukhoza kumutenthetsanso, kumupinda, kumuwotchereranso kangapo konse. Wa kuwala akalimba walimba, ndipo moto sungamubwezere m'mbuyo. Woyamba ntchito ndi cholembera chotere amasamala za zina: madziwo asakhudze khungu asanaume, ndipo kuwalako asakuyang'ane mwachindunji.