Dzina lidatsala ku Kaning'ina, mamendulo adawoloka nyanja

Mwezi wa Novembala ukafika, timaona agogo a nkhondo atavala majekete akale, mamendulo ali ngwengwengwe pachifuwa. Ambiri timangoti onsewo ndi a ungwazi. Si choncho. Ochuluka ndi ongosonyeza kuti munthu adapita kunkhondo yakutiyakuti. A ungwazi enieni ndi ochepa, ndipo ndi omwe akusowa m'midzi yathu.

Yambirani pa Kaning'ina mu Mzuzu, pomwe pali kampu ya asilikali ya Moyale. Dzinali si Chitumbuka. Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe pa 1 Julaye 1940 kagulu ka asilikali a batalyoni yoyamba ya King's African Rifles (KAR), anyamata a Nyasaland, kadabweza Mataliyana. Pa 10 Julaye adani adabweranso ndi mizinga ndi chinamtindi cha asilikali. Anyamatawo adalimba masiku angapo asanachoke.

Nkhani za ungwazi za kale kwambiri n'zochepa. Mu 1902 Alexander Cobbe adapata mendulo ya Victoria Cross ku Erego, m'dziko la Somaliland, ndipo kampu ya ku Zomba idatenga dzina lake. Msilikali wachikuda wa KAR sadalandirepo mendulo imeneyi. Wathu ankapatsidwa Distinguished Conduct Medal ya Aafirika okhaokha, mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati pomwe adayamba kulandira yofanana ndi Angerezi. Mamendulo ena adabwera ndi anyamata obwerera kuchokera kunkhondo ya ku Burma.

Tsono vuto lidadza pobwerera kumudzi. Mendulo sidyedwa. Wobwera kunkhondo adapeza khasu likumudikira, ndalama yopumira ili yosakwana kapena palibiretu. Mendulo idalowa m'sutikesi, pansi pa bedi, pamodzi ndi kabuku kotulukira usilikali. Mwini wake atamwalira, ana adaona kachitsulo chabe.

Kunja saona choncho. Tembenuzani mendulo ya ungwazi: m'mphepete mwake mudadindidwa nambala, udindo ndi dzina la msilikali. Osonkhanitsa mamendulo amafuna zimenezo. Amatenga nambalayo, nafufuza m'mabuku a boma la Britain momwe mudalembedwa zomwe munthuyo adachita tsiku limenelo. Nkhani ikapezeka, mtengo umakwera. Mamendulo onse a munthu mmodzi akakhala pamodzi, umakwereratu. Choncho pa okushoni ku London mlendo amawerenga za ungwazi wa mnyamata wa Nyasaland, pomwe mdzukulu wake kuno sadziwa ngakhale nkhondo yomwe agogo adamenya.

Sindikudzudzula wamasiye amene adagulitsa mendulo kuti agule chimanga. Chidatipweteka ndi umphawi komanso kusalemba mbiri yathu.

Ngati m'nyumba mwanu muli mendulo, musaikweche ndi mchenga, musadule nsalu yake. Lembani nambala ndi dzina zili m'mphepetezo, ndipo mufunse akuluakulu akadali moyo.