Mapointi a Khadi la Ngongole pa Ulendo wa Kunyanja

Mapointi ndi mphotho yomwe mabanki ena, makamaka a ku America ndi ku Ulaya, amapatsa munthu akagula katundu ndi khadi la ngongole. Mphothoyi imachokera kwenikweni ku kandalama komwe wogulitsa amadulidwa pa malonda aliwonse a pa khadi. Mapointi akachuluka, mwini khadi amalipirira tikiti ya ndege kapena chipinda cha hotela, kudzera mu ndondomeko monga Membership Rewards ya American Express.

Ku Malawi, mapointi a ndondomeko ya mahotela ya Marriott Bonvoy amagwira ntchito ku hotela ya Ryalls mu mzinda wa Blantyre. Koma m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, ku Chintheche, Kande ndi Usisya, malo ogona ambiri ndi a eni ake paokha, choncho salandira mapointi mwachindunji. Kuti agwiritse ntchito mapointi kumeneko, mlendo amasungitsa chipinda pa intaneti kudzera ku banki yake, kapena amalipira ndi khadi kenako n'kufafaniza ngongoleyo ndi mapointi.

Bwato la ku chilumba cha Kande, nsomba za kudoko ndi ziboliboli za mumsewu wa M5 zimafuna makwacha pamanja, Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wochedwa kubweza ngongole ya pa khadi amaluza, chifukwa chiwongoladzanja chimaposa phindu la mapointi.