Highlanders ya ku Bulawayo m'chaka cha 2013: ligi, chikho ndi mpikisano wa CAF

Highlanders Football Club, yomwe oitsatira amaitcha Bosso, ndi imodzi mwa matimu akale kwambiri a mpira wamiyendo m'dziko la Zimbabwe. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1926 ndi Albert ndi Rhodes, adzukulu a Mfumu Lobengula ya Amandebele, ndipo poyamba inkatchedwa Lions. Imavala zakuda ndi zoyera, ndipo bwalo lake ndi Barbourfields mumzinda wa Bulawayo. Timuyi inatenga ukatswiri wa ligi ka 7: mu 1990, mu 1993, kanayi motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2002, ndiponso mu 2006. Chaka cha 2013 chimakumbukika chifukwa timuyi inaphonya ligi pang'onong'ono, inatenga chikho chachikulu cha m'dzikolo, koma sinaloledwe kukapikisana kunja.

Mphunzitsi wake pa nthawiyo anali Kelvin Kaindu wa ku Zambia, amene anaseweranso m'timu yomweyi m'zaka za m'ma 1990. Iye anayamba ntchitoyi mu 2012, ndipo m'chaka chimenecho Highlanders inasewera masewero 23 a ligi osagonja kufikira pamene Monomotapa inaigonjetsa. Pomaliza inapeza mapointi 69, chimodzimodzi ndi Dynamos ya ku Harare, koma Dynamos ndiyo inatenga ligi chifukwa inali patsogolo pa kusiyana kwa zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa. Anthu a ku Bulawayo analowa m'chaka chotsatira ali ndi chikhulupiriro chakuti zoterezi sizingachitike kawiri.

Zinachitikanso. Mu ligi ya 2013, ya matimu 16 ndipo iliyonse yosewera masewero 30, mpikisano unafika tsiku lotsiriza matimu atatu akadali ndi mwayi: Harare City, Dynamos ndi Highlanders. Harare City, yomwe inali pamwamba, inalepherana ndi CAPS United, ndipo mwayi unagwera Dynamos, imene inamaliza ndi mapointi 54. Highlanders nayo inali ndi 54, koma kusiyana kwa zigoli kunaiikanso pachiwiri. Poyerekeza zaka ziwirizi, zikuoneka kuti kuluza kwa 2013 kunali kopweteka mwa njira ina: Dynamos inapeza mapointi ocheperapo ndi 15 kusiyana ndi chaka chapitacho, kutanthauza kuti Highlanders ikanangosewera monga inachitira mu 2012, ikanatenga ligi masabata angapo isanathe.

Mphunzitsi wa Dynamos amene anailanda Highlanders ligi kawiri konseko ndi Kalisto Pasuwa, dzina lodziwika bwino kwa okonda mpira ku Malawi. Atatenga ligi ya Zimbabwe kanayi motsatizana kuyambira 2011 mpaka 2014, anadzapita ku Blantyre kumene anapambana Super League kasanu motsatizana ndi Big Bullets, kuyambira 2018 mpaka 2023.

Chitonthozo chinabwera m'chikho cha Mbada Diamonds, chimene chinkathandizidwa ndi kampani yokumba miyala ya dayamondi ku Marange. M'ndime yotsiriza, yomwe inachitikira pa Barbourfields, Highlanders inakumana ndi How Mine, timu ya pa mgodi wa golide wa kufupi ndi Bulawayo, yomwe inali itangolowa kumene m'ligi yaikulu chaka chomwecho. Highlanders inapambana 3-0.

Malinga ndi dongosolo, wopambana chikhochi ndiye ankayenera kuimira Zimbabwe mu Confederation Cup ya bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF. Koma Highlanders inali pa chilango. Mu 2011 timuyi inatuluka mumpikisano womwewu isanasewere ndi Nchanga Rangers ya ku Zambia, ndipo CAF inailetsa kupikisana nawo kwa zaka zitatu. Gwero la nkhaniyi linali ndalama. Highlanders ndi timu ya mamembala, inalibe mgodi, kampani kapena nthambi ya boma yoimira kumbuyo kwake, ndipo m'zaka zimenezo inali ndi ngongole zambiri. Ulendo umodzi wa CAF umafuna matikiti a ndege a gulu lonse, kuwonjezera pa malo ogona ndi mayendedwe a alendo ndi oimbira masewero pamene timu ikusewera kwawo. Ndalama za pachipata, ngakhale bwalo litadzaza, sizikwanira zonsezi.

Motero malo a Highlanders anapita kwa How Mine, timu imene inagonja m'ndime yotsiriza. Mu 2014 iyo inatulutsa Chuoni ya ku Zanzibar ndi St Michel United ya ku Seychelles, kenaka inatulutsidwa ndi Bayelsa United ya ku Nigeria. Kwa timu yachilendo pa mpikisano wotere, uku kunali kuchita bwino.

Kunena zoona, mbiri ya Highlanders kunja kwa dziko sinafanepo ndi mbiri yake ya kwawo, ngakhale m'zaka zimene inkalamulira ligi. Mu 2000 inagonjetsa Sable de Batié ya ku Cameroon 3-0 ku Bulawayo, koma inakagonja ndi zigoli zomwezo kwawo kwa Sable n'kutuluka pa mapenate. Dynamos, yomwe ndi mdani wake wamkulu pa bwalo, inafika ndime yotsiriza ya Champions League mu 1998, pamene inagonja kwa ASEC Mimosas ya ku Côte d'Ivoire.

Kaindu anasiya ntchito mu 2014 ligi isanathe. Mu 2015 ukatswiri wa ligi unabwereradi ku Bulawayo, koma unabwera ndi Chicken Inn. Highlanders inatenganso chikho chachikulu mu 2019, pamene inagonjetsa Ngezi Platinum Stars 1-0 m'ndime yotsiriza ya Chibuku Super Cup ndi chigoli cha Prince Dube. Pofika kumapeto kwa 2025, ligi imene inatenga mu 2006 pansi pa mphunzitsi Methembe Ndlovu inali ikadali yomaliza.