Mmene Chiphaso cha Ogulitsa Nyumba Chinayambira ku America

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene mizinda ya ku United States inkakula mofulumira, aliyense ankatha kukhala mkhalapakati pa malonda a nyumba ndi malo popanda kulembetsa kulikonse. Ambiri analibe ngakhale ofesi, ankangosaka ogula m'misewu, ndipo ena ankalandira ndalama pa malo omwe sanali awo kapena kubisa mtengo weniweni kuti adye mbali zonse ziwiri, kwa wogula ndi kwa mwini malo.

Amene anayamba kufuna lamulo sanali ogula oberedwawo, koma amalonda okhazikika, omwe ankaona kuti atambwali akuipitsa dzina la ntchito yawo. Mu 1908 iwo anakhazikitsa bungwe ku Chicago, lomwe lero limatchedwa National Association of Realtors, ndipo mu 1913 analemba malamulo a khalidwe. Koma popeza malamulowo ankamanga mamembala okha, bungwelo linatembenukira ku nyumba za malamulo za m'zigawo. Chigawo cha California ndicho chinatsogola pokhazikitsa lamulo la chiphaso mu 1917, ndipo khoti litathetsa lamulo loyambalo, linanso linakhazikitsidwa mu 1919 n'kuvomerezedwa. Loya wa bungwelo, Nathan William MacChesney, analemba chitsanzo cha lamulo lachiphaso chomwe zigawo zambiri zinatengera. Poyamba chofunika kwambiri chinali umboni wakuti wopemphayo ndi munthu woona mtima, pomwe maphunziro ndi mayeso zinadzakula pambuyo pake.

Dongosolo lomwe linatuluka m'malamulo amenewa lili ndi masitepe awiri. Pamwamba pali broker, yemwe amaloledwa kutsegula ofesi ndi kusunga ndalama za makasitomala, ndipo pansi pake pali salesperson, wogulitsa amene chiphaso chake chimagwira ntchito pokhapokha ali m'manja mwa broker, amenenso ndiye amalandira komishoni n'kumugawira. Chigawo chilichonse chili ndi muyeso wake: Texas imafuna maola 180 a maphunziro munthu asanapatsidwe chiphaso, California 135, pomwe Florida imafuna 63 okha.

Komabe mbiri imeneyi siyenera kukambidwa ngati ya kuteteza ogula basi, chifukwa anthu omwewo amene ankathamangitsa atambwali ndiwo ankasankhanso amene ayenera kukhala m'dera liti. Mu 1924 bungwe lija linaika m'malamulo ake a khalidwe ndime 34, yomwe inkaletsa membala kulowetsa m'dera munthu wa mtundu umene ankati ungatsitse mitengo ya nyumba, kotero kuti kukaniza munthu wakuda nyumba kunkaoneka ngati khalidwe labwino la pantchito. MacChesney yemweyo analembanso chitsanzo cha pangano la tsankho, lomwe eni nyumba ankasainirana polonjezana kuti sadzagulitsa kapena kuchititsa lendi nyumba zawo kwa anthu akuda. N'zopweteka kuti boma linkapereka chiphaso chotsimikizira kuona mtima kwa wogulitsa pamene wogulitsayo ankatsekereza mabanja ambirimbiri kupeza nyumba, chuma chachikulu chimene kholo lingasiyire ana ake.

Ogulitsa akuda, omwe mabungwe ambiri a azungu ankawakana umembala ngakhale anali ndi ziphaso, anakhazikitsa bungwe lawo, National Association of Real Estate Brokers, mu 1947. Chaka chotsatira Khoti Lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Shelley ndi Kraemer, linagamula kuti makhoti sangakakamize anthu kusunga mapangano a tsankho aja, ndipo mawu onena za mtundu anachotsedwa m'ndime 34 mu 1950. Lamulo loletsa tsankho pa malonda a nyumba, Fair Housing Act, linadza mu 1968 ngakhale kuti bungwe lija la mu 1908 linalimbana nalo. Masiku ano lamuloli lili m'gulu la zinthu zimene wofuna chiphaso amaphunzira ndi kufunsidwa pa mayeso, koma bungwelo linadzapepesa poyera pa tsankholi mu 2020.