Mano Kapena Nkhawa: Mbiri ya Mkangano wa Matenda a Nsagwada

Kutsogolo kwa khutu lililonse kuli mfundo yolumikiza nsagwada ya m'munsi ku chigaza, ndipo pakati pa mafupa awiriwa pali kamnofu kolimba kopyapyala kamene kamatsetsereka munthu akamayasamula kapena kutafuna. Mfundoyi ikamapweteka, ikamalira potafuna kapena ikamakanika kutseguka bwino, madokotala amati munthuyo ali ndi TMD, dzina lachidule lophatikiza mavuto a mfundoyo ndi a minofu yotafunira. Chimene chimayambitsa vutoli chinagawanitsa akatswiri a ku America kwa zaka zoposa 60.

Mkanganowu unayamba mu 1934 pamene James Costen, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero wa mumzinda wa St. Louis, anafalitsa lipoti la odwala 11 amene ankadandaula kupweteka kwa khutu, kulira kwa m'makutu, chizungulire ndi mutu. Poona kuti ambiri anali atachoka mano akumbuyo, iye anaganiza kuti nsagwada ikasowa potsamira imatsekeka mopitirira, ndipo mutu wa fupa umakankhira kumbuyo n'kupanikiza mitsempha yapafupi ndi khutu, motero mankhwala ake anali kukweza kakumanidwe ka mano powaikirira ena. Mu 1948 Harry Sicher, katswiri wa kapangidwe ka thupi, anasonyeza kuti fupalo silingafike pa mitsempha imene Costen ankanena, komabe chiphunzitsocho sichinafe, chifukwa chinali chitagwera m'manja mwa madokotala a mano amene kuyambira mu 1926, motsogozedwa ndi Beverly McCollum ku California, ankaphunzitsa kuti pali njira imodzi yolondola imene mano a m'mwamba ndi a m'munsi ayenera kukumanira. Wodwala ankalumitsidwa kapepala kosiya mtundu pa mano, ndipo paliponse pamene panatsala mtundu dokotala ankapala ndi makina, mwinanso kuveka zisoti mano onse a m'kamwa. Mphamvu ya chiphunzitsochi inali yoti mano amaoneka, amayezeka ndipo amakonzeka, koma dzino likapalidwa silimeranso, ngakhale ululu utapitirira.

Laszlo Schwartz wa pa yunivesite ya Columbia ku New York ndiye anayamba, m'zaka za m'ma 1950, kunena kuti mwa odwala ambiri ululu uli m'minofu osati m'mfundo, ndipo mu 1969 Daniel Laskin wa ku Chicago anafotokoza kuti munthu wopanikizika maganizo amalumanitsa kapena kukukuta mano usana ndi usiku mpaka minofuyo kutopa ndi kukungika. Maganizowa anali pafupi ndi choonadi, ngakhale ena anawapotoza n'kumauza odwala, amene ambiri ndi amayi, kuti matenda awo ndi ongoganizira.

M'zaka za m'ma 1970 chidwi chinabwerera pa kamnofu kapakati kaja, kamene zithunzi zinkasonyeza kuti nthawi zina kamasuntha pamalo pake, ndipo maopaleshoni anachuluka. Kuyambira mu 1983 kampani ya Vitek ya ku Houston inagulitsa tizipangizo ta Teflon toika m'malo mwa kamnofuko, koma potafuna tinkanyenyeka, thupi linkalimbana ndi zinyenyeswazo, ndipo mwa anthu ena fupa la chigaza linadyeka mpaka kubooka, kufikira pamene bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza anthu mu 1990. Chomvetsa chisoni n'chakuti makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI anadzasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opanda ululu uliwonse alinso ndi kamnofu kosuntha.

Mu 1992 Samuel Dworkin ndi Linda LeResche a ku Seattle anakonza njira yopimira imene imaona mbali ziwiri pamodzi, thupi ndi maganizo a wodwala, ndipo mu 1996 msonkhano wa bungwe la NIH, loona za kafukufuku wa zaumoyo ku America, unanena kuti panalibe umboni wokwanira woti kupala mano kumachiza kapena kuteteza vutoli, choncho unalimbikitsa chithandizo chimene chingasiyidwe osawononga kanthu, monga zakudya zofewa, kuthowa, masewera a nsagwada ndi mankhwala ochepetsa ululu. Kafukufuku wina wotchedwa OPPERA, amene anayamba mu 2006, anapeza kuti anthu pafupifupi 4 mwa 100 alionse ankayamba vutoli pachaka, makamaka amene anali kale ndi ululu m'ziwalo zina, osagona bwino kapena ankhawa. Kapulasitiki kovala kumano usiku, kamene Sigurd Ramfjord ndi Major Ash a ku Michigan anakatchukitsa m'zaka za m'ma 1960 pofuna kukonza kakumanidwe ka mano, kakuperekedwabe lero, koma makamaka pofuna kuteteza mano a munthu wokukuta kuti asaperepeseke.